Ndinapita kukaona nyumba yakale ku Lundazi, ukwati wanga n'kutha

Inu owerenga, ukwati wanga unatha usanayambe, ndipo unathera pa ulendo wa tsiku limodzi wokaona nyumba yakale ya njerwa ku Lundazi, m'dziko la Zambia. Kulakwa ndinalakwa ndithu, sindikana. Koma mukandifunsa kuti ndinalakwira pati penipeni, mpaka lero mutu wanga sugwira. Ndiye ndati ndikufotokozereni mmene zinayendera, mwina inu muona pamene ine ndinaphonya.

Ndine mayi wa ku Kasungu, ndimagulitsa zitenje pamsika. Zitenje zanga ndinkapikula kumalire, ndipo amene ankandibweretsera kuchokera ku Lundazi anali bambo wina dzina lake Nyirenda. Anali munthu waulemu, wosamwa, wosakweza mawu. Akakupatsa katundu sunkafunika kuwerenganso. Ankanditchula kuti asisi, ine n'kumamutchula kuti achimwene, basi. Za chibwenzi sanatchulepo ngakhale tsiku limodzi.

Nthawi imeneyo n'kuti ine ndili pa chitomero ndi kalipentala wina wa kumpingo kwathu. Ankhoswe anali atakumana, chinkhoswe chitachitika, tikungodikira kuti anthu agulitse fodya tichite ukwati. Mwamunayo anali atayamba kale kukhoma bedi ndi mipando ya m'nyumba mwathu. Nyirenda sindinamuuzepo zimenezi. Sikuti ndinkabisa ayi, ndinkangoti malonda ndi malonda, za kunyumba n'za kunyumba. Mphete ndinkaisiya m'chikwama chifukwa inali yokhwepa, ndinkaopa kuti igwera m'mabelo.

Tsiku lina Nyirenda anandionetsa chithunzi pafoni yake. Abale inu! Chinyumba cha njerwa zofiira, chokhala ndi nsanja zozungulira m'makona, timawindo tating'onoting'ono, ngati zija tinkaziona m'mabuku a mbiri yakale kusukulu. Ine sukulu ndinalekeza panjira, koma phunziro la mbiri ndinkalikonda koopsa. Ndinamufunsa ngati kumeneko kunali ku Ulaya. Iye anaseka, nati ndi paboma pawo pomwepo, ndipo anamanga ndi mzungu wina amene ankalamulira bomalo nthawi ya atsamunda. Anawonjeza kuti kulinso tchalitchi chakale ndi damu, ndipo ndikafuna adzandiyendetsa ndione zonse.

Chibadwire ndinali ndisanalowepo m'kati mwa dziko la eni, ndinkangothera pamalire. Tinapangana tsiku. Pondipatsa katundu ulendo umenewo anaikapo chitenje chimodzi cha maluwa achikasu, nati chimenecho si chogulitsa, ndisoketse diresi yodzavala pa ulendowo. Ine ndinati ndi basela, poti ndinali kasitomala wake wakale. Ndinasoketsa ndithu, kwa telala wodziwa ntchito.

Bwenzi langa, kalipentala uja, ndinamuuza kuti ndikukapikula zitenje ku Lundazi kwenikweniko chifukwa n'zotchipa. Silinali bodza, koma za kukaona malo ndi za Nyirenda ndinazisiya. Ndinkati ndikatchula dzina la mwamuna pakhala mafunso ambirimbiri pa nkhani yopanda kanthu.

Nditadutsa malire ndinapeza Nyirenda akundidikira ndi njinga yake yamoto. Nditamuyang'ana ndinaphulika kuseka: anali atavala shati ya chitenje chomwe chija cha maluwa achikasu. Ndinamuseka kuti kodi nsalu inatsala yambiri eti? Iye anangomwetulira n'kuyang'ana pansi. Inu owerenga, pamenepa mwina mwayamba kale kuona. Ine sindinaone kanthu, maganizo anga onse anali pa chinyumba chija.

Ndipo chinyumbacho chinalidi chodabwitsa. Tinafika dzuwa lisanatenthe, njerwa zake zili psuu pakati pa mitengo. Ndinagwira khoma ndi dzanja, ndikuganiza za anthu amene anaumba njerwa zonsezo ndi kuzikweza pamwamba popanda makina. Ndinkafuna kukwera masitepe opita kunsanja kuti ndikaone boma lonse ndili kumwamba. Koma ndisanakwere, Nyirenda anandikoka dzanja, nati taonani mwayi, azakhali ake ali pompano.

Pansi pa mtengo panali mayi wina wachikulire wojintcha, atamanga duku lalikulu, ali ndi amayi ena awiri. Nyirenda ankawatchula kuti ankhazi, ndiye kuti mlongo wa bambo ake. Ine poti ndinaleredwa, ndinagwada kuti ndiwapatse moni. Mayiwo sanandiyankhe msanga. Anamasula mfundo ya chitenje chawo, natulutsa kandalama kachitsulo, nakaika m'dzanja langa, kenaka ndi pamene anati monire. Amayi awiri aja anachitanso chimodzimodzi.

Ndinayang'ana Nyirenda. Iye anandinong'oneza kuti, “Landilani chabe, ndi mwambo wathu.”

Ndinalandira, n'kuwomba m'manja kuthokoza. Mumtima ndinati, koma anthu a ku Zambia ndi okoma mtima, mlendo kumulonjera ndi ndalama! Iwo anayamba kuyankhula Chitumbuka mothamanga. Kwathu ndi kumwera kwa Kasungu, Chitumbuka ndimangotolako moni basi. Choncho ndinangokhala chete, maso pansi, ndikumwetulira kuti ndisaoneke wamwano. Ndinkawaona akugwedeza mitu, akundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Wina anandigwira mkono n'kuufinya ngati akusankha nzimbe.

Kenaka kunatulukira mtsikana wina, mlongo wake wa Nyirenda, ali ndi foni m'manja. Anatiimika pakhomo pa chinyumbacho, ine ndi Nyirenda pakati, amayi aja m'mbali. Anatijambula kangapo. Ine ndinasekerera mano onse pamtunda, poti ndinkafuna chithunzi chokaonetsa anzanga kumsika. Kunsanja kuja sindinakwereko, ankati nthawi yatha.

Kutchalitchi chakale tinapezanso mwayi wina. Bambo ake aang'ono a Nyirenda, mkulu wa mpingo, anali atakhala pakhonde atavala jekete. Nawonso anayamba ndi kandalama, moni pambuyo. Apa ndinayamba kudabwa pang'ono kuti kodi banja limeneli limangokhalira m'malo akale? Ndinawafunsa kuti belu lopachikidwa pamtengolo linabwera liti. Iwo m'malo moyankha anandifunsa mfunda wanga, mpingo wanga, ngati ndinabatizidwa, ngati bambo anga ali moyo, ndiponso ngati ndimadziwa kulima mtedza. Ndinayankha zonse bwinobwino. Ndinkati ndi macheza a anthu akuluakulu. Za belu sindinamve mpaka lero.

Pofika kudamu dzuwa linali pamutu. Ndinkayembekeza kuti tikaima m'mphepete n'kumaona madzi ndi mbalame. Koma tinapeza mphasa zoyala pamthunzi, ankhazi aja atafika kale, anthu atawonjezekera, mapoto a mpunga ndi nkhuku ali pomwepo. Anandikhazika pakati. Nditati nditambasule dzanja ndisambe, mayi wina anandigwira, naika kandalama pambali pa mbale yanga, ndiye n'kundilola. Anandipatsa nthutumba. Nditangoluma kamodzi, nthungululu zinalira.

Ndinayang'ana uku ndi uku kufuna kuona ngati kukudutsa akwati. Kunalibe. Onse ankayang'ana ine.

Ankhazi anasendera pafupi, nasiya Chitumbuka, nayankhula Chinyanja chawo chija kuti ndimve bwino. “Apongozi, takuonani, takondwela. Manje tiuzeni, ng'ombe tizapeleka kuli ndani? Atate anu kapena amalume?”

Mayo ine! Ng'ombe zanji? Kwathu mwamuna akafuna mkazi amatuma ankhoswe kwa amalume a mkaziyo, ndipo zonse zimayambira kumeneko, kuchikazi. Zoti mkazi n'kuyamba waonetsedwa kwa abale a mwamuna, kumulonjera ndi ndalama kuti ayankhule, kumupatsanso ina kuti adye, ine ndinali ndisanazionepo. Zimene ndinkayesa ulemu wa kwa mlendo zinali zolandirira mkamwana, ndiye kuti mkazi wa mwana wawo. Ndipo ine ndinali nditalandira zonse, ndikuwomba m'manja.

Ndinayankha kuti pepani, pali kusamvana, ine ndili pa chitomero kwathu, ndinangobwera kudzaona nyumba yakale ija.

Ngakhale ana analeka kutafuna. Kenaka ankhazi anaimirira, manja m'chiuno. “Kuona nyumba? Mwana mkazi kuwoloka boda na mwamuna, kuvala nsalu yake, kuti akaone njelwa? Kwanu njelwa kulibe?”

Ndinatembenukira kwa Nyirenda nditakwiya, ndikufuna kumulalatira kuti wanditchera msampha. Koma nkhope imene ndinaiona sinali ya munthu wochenjera. Misozi inali lengelenge m'maso mwake. Anandifunsa motsitsa kuti nanga chitenje ndinasokeranji, nanga ndalama ndinalandiriranji, nanga bwanji nthawi yonseyi sindinatchulepo kuti ndili ndi munthu. Akuti iye pakamwa ndi wamanyazi, ndiye anaona kuti nsalu ija imuyankhulira, ndipo nditaivala anadziwa kuti ndavomera. Ndinamufunsa kuti nanga bwanji osangonena? Iye anati nanga inu bwanji osangofunsa? Tinangoyang'anana ngati anthu awiri amene agundana mumdima.

Ndinamasula tindalama tija kuti ndibweze. Ankhazi anabweza manja kumbuyo, nati zoperekedwa pamwambo sizibwezedwa chiimirire ngati chenji cha pamsika, pafunika akuluakulu a mbali zonse akhale pansi. Ndinazisiya pamphasa, mayi wina anazitola n'kundiponyera m'chikwama. Ndinachoka pamenepo ndekha, wapansi, ndikufunsa njira ya kudepoti, diresi yachikasu ija ikundiwotcha thupi. Zitenje zimene ndinati ndikapikula sindinagule n'chimodzi chomwe.

M'minibasi ndinkadzilimbitsa mtima kuti zachitikira kutali, kwathu palibe amene amve. Foni yanga inali chete tsiku lonse poti netiweki ya kwathu sigwira kumeneko. Nditangodutsa malire inayamba kulira ngati yapenga. Mauthenga mbwee! Mlongo wake wa Nyirenda uja anali ataika chithunzi chija pa foni kuti anzake aone, atalemba kuti alandira mlamu. Amalonda anzathu a kumalire anachiona, anatumizirana, ndipo chisanafike n'komwe chakudya cha kudamu chija, chithunzicho chinali chili m'manja mwa mchemwali wake wa bwenzi langa.

Ankhoswe anakumana sabata yomweyo. Ndinafotokoza zonse monga ndafotokozera inu. Amalume anga anayesetsa kundiikira kumbuyo, koma foni inkangoyenda dzanja ndi dzanja. Munthu aliyense akayang'ana ankaona mwamuna ndi mkazi ovala zofanana, azakhali m'mbali, kumbuyo kuli chinyumba chokongola. Nkhoswe ya kuchimuna inati mapanga awiri avumbwitsa. Ndinalira kuti phanga lachiwirilo ine sindinkalidziwa, koma ndani akanandikhulupirira?

Pamapeto bwenzi langa anati iye akukhulupirira kuti mwambo wa eni sindinkaudziwa. Anati za ndalama ndi za nkhuku alibe nazo mlandu. Anangondifunsa chinthu chimodzi: ngati ulendowo unali woyera, bwanji ndinamuuza za zitenje zokha, dzina la mwamunayo n'kulisiya? Anadikira ndithu, maso ali pa ine. Kenaka anatenga chipewa chake n'kutuluka. Bedi lija ndinamva kuti anagulitsa kwa mphunzitsi wina.

Nyirenda naye sanabwerenso kumalire. Ndinamva kuti anachita manyazi kwambiri pamaso pa abale ake, amene anasiya ntchito kumunda ndi kupha nkhuku zawo chifukwa cha ine. Nthawi zina ndimamukwiyira, nthawi zina ndimamumvera chisoni, ndipo sindidziwa kuti choyenera n'chiti.

Ndiye inu owerenga, makamaka amayi anzanga amene mumayenda maulendo a malonda, ndikupemphani. Mukapita kwa eni, musamangoyang'ana makoma ndi nsanja, muziyang'ananso anthu amene akukuyang'anani. Munthu akakuikani kanthu m'manja, funsani kuti n'ka chiyani musanawombe m'manja, pajatu safunsa anadya phula. Woyenda naye adziwe za inu zoona zokhazokha, ndipo amene mwamusiya kunyumba mumuuze ulendo wonse, osati theka. Chimene mukuchibisa poti n'chaching'ono n'chimene chidzakusowetseni poyankha.

Tindalama tija ndikadali nato. Poti n'ta ku Zambia, kuno sitingagule kanthu, ndipo kotibweza kulibe. Chithunzi chija nachonso sindinachifufute. Ndimati ndikachitsegula kuti ndione bwino chinyumba chimene ndinapitira, maso anga amathera pa mayi wovala zachikasu amene waima pakhomoyo, akusekerera ngati mkwatibwi weniweni. Ndikanakhala kalipentala uja, nanenso sindikanamukwatira.