Nyanja Yopanda Tsidya

Tsiku limene chithunzi chake anachipaka laimu, Zakeyu anaima kutsidya kwa msewu n'kumaonerera. Ntchito ya masabata atatu inafafanizika pa ola limodzi.

Khomalo linali la malo odyera a mayi Kulsumu, pamalire a Mwanza, pamene mathiraki opita ku Beira amaima podikira mapepala. Mayiwo anafuna chithunzi cha sitima yapamadzi, chifukwa nkhani za madalaivala odya pamenepo zinali za kudoko basi. Zakeyu anajambula sitima yoyera ya mizere isanu ya mawindo, utsi uli tolotolo. Pansi pake anaikapo madzi oyenda. Kumbuyo kwake anaikako phiri, mabango, ndi mayi akuchapa pamwala.

Madalaivala atachiona anaseka mpaka wina kutsamwa tiyi.

"Akulu, iyi ndi nyanja kapena Shire?" anafunsa Timoti, dalaivala wa pakamwa posatseka. "Chisitima chonsechi chikakhotera pati? Chiwagunda amayi akuchapawo!"

Kuseka kwa alendo kukanapiririka. Koma pabenchi yomweyo panali Petro, mng'ono wake wa Zakeyu, nayenso dalaivala wa thiraki. Petro sanaseke. Anangowerama n'kumatakasa tiyi. Chisoni chimenecho chinamubaya Zakeyu kuposa phwete la anthu onse aja.

Mayi Kulsumu anamuitanira kuseri.

"Bambo, dzanja muli nalo, koma malo anga asasanduke choseketsa. Khomali likhala loyera mpaka manachesi apse. Mukalephera, ndiitana wojambula wa ku Blantyre."

Inu owerenga, kuti mumvetse chimene chinalakwika pakhoma lija, tibwerere m'mbuyo pang'ono.

Bambo awo atamwalira, Zakeyu anali sitandade seveni, Petro sitandade folo. Mmodzi anayenera kusiya sukulu. Zakeyu anatenga nkhwangwa n'kuyamba kuotcha makala kwawo kwa Nthache, kumakankha matumba panjinga mpaka paboma. Makala amenewo ndi amene anamufikitsa Petro ku sekondale, kenako kusukulu yoyendetsa galimoto.

Petro anayamba kubwera kumudzi atavala nsapato zachikopa. Anamanga nyumba yamalata paboma. Anthu akamuona ankati, "Mwana wa malemu uja watukuka." Zakeyu ankamva mawuwo ali ndi mwaye m'zikhadabo.

Chimene chinkamuwawa kwambiri si nsapato kapena malata. Inali nyanja. Kuyambira ali mwana, Zakeyu ankasunga tsamba long'ambika la buku la kusukulu, pamene panali sitima yaikulu yonyamula anthu. Tsambalo linang'ambika moti panatsala sitima yokha, popanda madzi. Ankaijambula ndi khala pamakatoni, pazitseko, pachipupa cha nkhokwe. Loto linali lake. Koma amene anakaiona nyanjayo ndi maso anali Petro, munthu wosatha kujambula ngakhale dzira.

Choncho Petro akangoti, "Achimwene, ku Beira kuja," Zakeyu ankadzuka, ati akukaona uvuni wa makala. Chaka china Petro anamubweretsera kalendala ya zithunzi za kudoko, yokulungidwa bwinobwino. Zakeyu anathokoza. Petro atangopotoloka, anaiponya pamoto osaifunyulula.

Ndiye pamene anafunika kujambula madzi, anajambula madzi amene ankawadziwa. Mtsinje uliwonse umene anauonapo unali ndi tsidya.

Atachoka pamalire tsiku la laimu lija, sanataye burashi. Anapempha makatoni m'magolosale. Anapeza penti yabuluu yotsala pa kampeni yachisankho, n'kuisungunula ndi parafini. Masana ankatema mitengo, madzulo dzuwa lisanalowe ankakhala pakhonde n'kumayesa.

Anachotsa mayi wochapa uja. Anachotsa mabango. Phiri linavuta. Akalichotsa, madzi ankaoneka ngati chipupa chabuluu chimene sitima yapachikidwapo. Akalibwezera, Shire uja wabweranso. Makatoni anakwana makumi awiri ndi atatu, onse olakwika.

Mkazi wake, Esinati, anawayang'ana tsiku lina akuchokera kudimba.

"Bambo a Tadala, munthu amene anaiona nyanjayo munayamwa naye bere limodzi."

"Sindingafunse nzeru kwa mwana amene ndinamuphunzitsa ndi makala anga."

"Ndiye jambulani makalawo," anatero Esinati, n'kulowa m'nyumba.

Manachesi anayamba chikasu m'mitengo. Amayi anayamba kuwayala m'mabeseni m'mbali mwa msewu. Kenako kunamveka kuti mnyamata wina wa ku Blantyre wafika kwa mayi Kulsumu ndi tepi, wayeza khoma, wanena kuti abweranso Lolemba linalo.

Zakeyu anagona masiku awiri osagwira burashi. Tsiku lachitatu anapalasa njinga mpaka paboma. Nyumba ya Petro anali asanailowepo chiimangire. Anaima pabwalo, maso ali pa malata aja, mtima ukumuuza kuti abwerere. Petro anatuluka ali ndi thaulo paphewa.

"Achimwene! Kwagwanji? Lowani."

"Ndili bwino pompano." Anameza malovu. "Nyanja imathera pati?"

Petro anachotsa thaulo paphewa.

"Mugone konkuno. Mawa tilawirira. Juzi ndikubwerekani."

Kutacha anakwera matola a ku Thambani, n'kutsikira panjira, n'kuyamba kukwera phiri wapansi. Unali mwezi wa Juni, chiperoni chili m'kati. Zakeyu ankayenda pambuyo, juzi ya mng'ono wake ikumuyabwa pakhosi. Ankaona nsapato zija zikuponda miyala patsogolo pake, ndipo ngakhale pamenepo mtima unkamudyabe.

Atafika pamwamba, Petro anati, "Tembenukani."

Chigwa chonse kunalibe. Midzi, minda, msewu, zonse zinali zitamira m'chifunga. Chifungacho chinayala thyathyathya kuchokera kumapazi awo mpaka kukakumana ndi thambo.

"Tsidya lili kuti?" anafunsa Petro.

"Palibe."

"Nyanja ndi imeneyotu. Pafupi ndi yakuda, kutali imanka niyera, mpaka pamatsala kamzere ngati ulusi. Ndipo madzi ake sadutsa ngati a mumtsinje. Amabwera kwa iwe, n'kubwerera, n'kubweranso."

Zakeyu anakhala pamwala. Anatulutsa khala m'thumba n'kuyamba kulemba pachikhatho.

"Zaka khumi ndi ziwiri ndakhala ndikufuna kukuuzani zimenezi," anatero Petro. "Ndikangoyamba, mumadzuka."

Zakeyu anapitiriza kulemba pachikhatho.

"Mumayesa ine ndimakondwa? Ndimaionera pa mpanda wawaya, ndili pamzere wa mathiraki, udzudzu ukundidya. Ndikafika kunyumba ana akandifunsa, ndimangoti ndi yaikulu. Basi. Inu munajambula mbuzi pachitseko cha amayi, galu mpaka kuiuwa. Nsanje imene ndinakuchitirani tsiku limenelo sinathebe."

"Iwe? Nsanje ndi ine?"

"Nanga ndi ndani?"

Zakeyu anayang'ana manja ake akuda aja ngati akuwaona koyamba. Kenako anati, "Mafundewo, akamafika pafupi, amaoneka bwanji?"

Anatsika phiri dzuwa lili pamutu, Petro akulankhula, mkulu wake akufunsa.

Loweruka m'mawa Zakeyu anafika kwa mayi Kulsumu ndi zitini zake.

"Manachesi apsa kale, bambo," anatero mayiwo.

"Sanathe m'mitengo."

Mayi Kulsumu anaseka pang'ono. "Wa ku Blantyre ndimuuza adikire sabata imodzi. Imodzi yokha."

Anagwira ntchito masiku asanu ndi limodzi, khoma atalitchinga ndi masaka kuti asamusokoneze. Petro anali pa ulendo. Tsiku lochotsa masaka, mathiraki anali ndandanda, ndipo Timoti anali pabenchi yake ija, kapu ili m'manja, atakonzeka kale kuseka.

Sitima inali yomwe ija, yoyera, ya mizere isanu ya mawindo. Koma tsopano inali yaing'ono, ili patali. Patsogolo mafunde ankabwera ndi thovu ngati akhavukira pamatebulo. Kumbuyo kunalibe kanthu, kamzere kokha ngati ulusi.

Timoti anaika kapu pansi. Anayandikira, n'kubwerera m'mbuyo.

"Iyi ikutuluka padoko," anatero.

"Ukunama, ikulowa," anatero mnzake. "Taona utsiwo."

Mkangano unabuka. Wina ankati mphepo ikuchokera uku, wina ankati uko. Palibe amene anatchula Shire. Mayi Kulsumu anaima pakhomo, manja ali m'chiuno, n'kuuza wantchito wawo kuti laimu wotsala uja akapake kukhitchini.

Petro anafika mawa lake, fumbi lili m'mutu. Anaima pakhomapo n'kumayang'ana chithunzicho. Kenako anaona timalemba pakona yam'munsi, n'kuwerama kuti awerenge. Panalembedwa kuti: Dzanja, Zakeyu. Maso, Petro.

Anapukuta nkhope ndi chipewa. "Fumbi la ku Tete," anatero. Zakeyu sanamutsutse.

Kuchokera pamenepo madalaivala anayamba kufuna timasitima pa timatabwa toti apachike kunyumba. Eni nyumba zogona alendo anamuitana Zakeyu kuti akawajambulire, wina mpaka ku Zobue, kutsidya kwa malire. Patatha zaka ziwiri Zakeyu anasiya makala. Lero ali ndi kachipinda kake paboma, ndipo Tadala, mwana wake, sanasiyire sukulu panjira.

Sindinena kuti nsanje inatheratu. Petro atagula galimoto yakeyake, Zakeyu anakhala sabata yathunthu ali duu. Kusiyana kwake n'kwakuti Lamlungu lotsatira anapita kukaiona, ndipo analowa m'nyumba.

Inu amene ntchito yanu aipaka laimu anthu akuonerera, musataye burashi. Makatoni makumi awiri ndi atatu olakwika si mapeto a munthu. Koma dzifunseninso kuti ndani amene mumadzuka akayamba kulankhula. Mwina chimene chikusowa pakhoma lanu chili m'maso mwake. Safunsa anadya phula.

Mezani malovu, pitani mukaime pabwalo pake. Osataya mtima. Manachesi sanathe m'mitengo.