Nyumba ya Mphepo ku Soche

Bambo anga atapeza ntchito kunjanji ku Limbe, anatisiya kwathu ku Nsanje n'kuyamba kusaka nyumba. Anali munthu woti ngakhale tomato pamsika ankayamba wamutembenuza mbali zonse. Abale athu a kuchigwa anali atadzazana ku Mbayani, ndipo anawapezera chipinda komweko, pakati pa anthu olankhula Chisena. Bambo anakana. Ankati ku Mbayani ana amasewera m'ngalande kuseri kwa nyumba za kachasu, ndipo ana awo aakazi awiri, ine ndi mng'ono wanga amene anali atangoyamba kuyenda, sadzakulira kumeneko. Ku Naperi anangodutsa, poti thumba lawo ankalidziwa.

Nyumba anaipeza ku Soche, chakumtunda, m'tsinde mwa phiri. Inali ndi bwalo loti ana n'kuthamangapo, tchalitchi ndi sukulu zili pafupi. Koma chimene chinawagwira mtima ndi mphepo. Munali mu Okutobala, ndipo amene sanagonepo ku Nsanje mwezi umenewo sangamvetse. Kwathu thukuta limakutsata mpaka m'tulo. Bambo anaima pakhonde, kamphepo kakutsika kuphiri, n'kuvomera nyumbayo asanaone n'komwe ngati chitseko chimatseka.

Miyezi yoyamba tinasangalala, sindingabise. Ndinkasewera fulaye pabwalo mpaka miyendo kutuwa. Loweruka bambo ankatitengera ku Limbe, khadi la chipani lili m'thumba la malaya, mwana ali paphewa, kukangoona zinthu m'mawindo a masitolo a amwenye. Tinkabwerako tikutafuna nzimbe, bambo akutifunsa ngati a ku Mbayani amapuma mpweya wotere.

Amene sanazolowere ndi mayi. Oyandikana nafe anali akazi a makalaliki, anthu okhalitsa m'tauni. Ankapereka moni waulemu n'kulowa m'nyumba, ndipo tsiku lina pampopi anaseka kalankhulidwe ka mayi. Kuyambira pamenepo mayi anadzitsekera. Analibe mnzawo woti awauze kuti nyengo ya kuno imayenda bwanji.

Mu Juni kunafika chiperoni. Nkhungu inatsika kuphiri n'kumeza nyumba yathu, kamvula kowaza kosaleka, mphepo ikulowa pansi pa chitseko. Ife tinali tisanaonepo zotere. Mayi anapitiriza zimene mayi aliyense kwathu amachita, kumusambitsa mwana madzulo panja ndi madzi ozizira kuti agone bwino. Anakula akudziwa kuti chimene chimadwalitsa mwana ndi kutentha.

Mayi wina woyandikana nafe anasuzumira pampanda. "Amayi, kuno si kuchigwatu. Madziwo muziyamba mwatenthetsa, mwanayo avale juzi."

"Zikomo amayi," mayi anayankha. Atalowa m'nyumba ananyinyirika, "Ana ndabereka ndekha, lero ndiphunzitsidwe kusambitsa ndi anthu ondiseka?"

Mng'ono wanga anayamba ndi kachifuwa. Kenako anasiya kudya, nthiti zikukoka akamapuma. Pamene bambo ankathamangira naye kuchipatala chachikulu, chinali chibayo chokhwima kale. Sabata isanathe, mwana anatisiya. Mpaka lero ndikamva mwana akutsokomola nyengo yozizira, mtima wanga umangoti phwii.

Abale a ku Mbayani aja ndi amene anabwera kudzakhala nafe pamaliro, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe anakumbutsa bambo za chipinda anachikana chija. Tinakamuika kwathu, dzuwa likuwala bwinobwino ngati palibe chachitika.

Itakwana nthawi yobwerera, mayi sanamange katundu. Anakhala pamphasa, miyendo atatambasula.

"Abambo ake, pitani. Nyumba imene yandilanda mwana sindikagonamonso."

"Tikasamukira kwina, amayi ake, ngakhale ku Mbayani komweko."

"Pitani basi."

Bambo sanalimbane nawo. Ankadziwa kuti mayi akuimba mlandu nyumba chifukwa mlandu winawo sakanatha kuusenza, ndipo anavomera kuti ukhale wa iwo amene anasankha nyumbayo. Ine, poti ndinali pasukulu, ndinakwera nawo sitima. Ndinali ndi chisoni chosakanikirana ndi mkwiyo, osadziwa kuti ndikwiyire ndani.

Titatsika ku Limbe, bambo analowa m'sitolo n'kugula mabulangete atatu. Limodzi anandipatsa, lina linali lawo. Lachitatulo anati ndi la mayi, mtima ukadzawatsika adzalipeza. Linakhala pamwamba pa kabati, m'pepala lake lomwelo, mpaka bambo anapuma pantchito.