Galasi Limodzi, Mafelemu Makumi Anayi

Inu amene mukuona ngati anzanu anakusiyani kutali, tamvani za mayi wina wowotcherera zitsulo.

Tsiku limene lole inabweza mafelemu ake a mawindo makumi anayi, mayiyu anakhala pakhomo pa shopu, misozi ili chuchuchu. Shopuyo anamusiyira ndi malemu bambo ake, ndipo mabanja asanu ankadyera pomwepo. Ntchito imeneyi ikanamuphonya, akanatseka basi.

Kontilakita amene anaoda mafelemuwo sanakalipe, ndipo n'zimene zinamupweteka kwambiri mayiyu.

"Mayi, zitsulo zanu n'zolimba," anatero bamboyo, "koma felemu iliyonse ili ndi msinkhu wakewake. Wodula magalasi watopa nane. Mafelemu a dziko loyandikana nafeli, galasi limodzi limalowa paliponse. Ndikupatsani masabata atatu, apo ayi ndikaoda kunja."

Akatswiri pawailesi akamati dziko lawo lili kumchira pa zopangapanga, mayiyu ankangoitseka wailesiyo. Koma ulendo uno anakagula mafelemu awiri akunja.

Chitsulo cha mafelemu akunjawo chinali chopyapyala. Kawotchereredwe kake, malemu akanaseka mpaka kutsokomola. Koma atawasanjikiza, anafanana ndendende. Atasanjikiza ake awiri, chala chinalowa pakati.

Anauza malume ake, mmisiri wamkulu wa pashopupo, kuti apange chikombole chachitsulo choti felemu iliyonse izituluka mofanana.

"Chikombole? Ndakhala woumba njerwa ine?" anakwiya malumewo. "Ine ndi alamu anga, bambo akowo, tinkayeza ndi diso. Diso langali ndi tepi."

Anavula ovololo n'kumapita.

Mayiyu anayesa yekha. Chikombole choyamba chinapindika ndi moto. Chachiwiri chinapendekeka. Sabata inatha, manja ali matuza okhaokha. Ndiye ananyamula chopendekekacho n'kukagwada nacho kwa malumewo.

"Malume, diso lanu sindikulinyoza ayi. Ndikungopempha kuti liyeze kamodzi, lisayeze kamakumi anayi."

Mkuluyo anachiyang'ana chikombolecho nthawi yaitali.

"Ngodya iyi yathawa," anatero. "Bweretsa kuno, mwanawe."

Malumewo atawongola chikombolecho, anadula mafelemu onse aja n'kuwotchereranso m'chikombolemo, imodziimodzi.

Tsiku litakwana, kontilakita anabwera ndi galasi limodzi lokha. Analiika pa felemu yoyamba, linalowa. Pa yachiwiri, linalowa. Galasi linayenda m'manja mwake mpaka kumapeto kwa mzere. Litalowa pa felemu yomaliza, malume anavula chipewa, ndipo mayiyu analira kachiwiri, koma ulendo uno ataimirira.

Shopuyo sinatsekedwe. Lero mafelemu ake amawoloka malire, kupita konkuja kumene ankati n'kwa akatswiri.

Mnzanu akakuposani, musatseke wailesi. Tengani chake, musanjikize ndi chanu, muone pamene pakulowa chala. Nthawi zina chimene chikukulekanitsani n'chala chimodzi chokha. Osataya mtima, konzani pamenepo.