Juzi ya mu Okutobala

Ndili ndi pakati pachiwiri ndinkavala juzi mu Okutobala. Kuno ku Chikwawa mwezi umenewo ndi mbuzi zomwe zimalimbirana mthunzi, koma ine ndinkakhala padzuwa ndi juzi ya amuna anga, n'kumanjenjemerabe. Amayi opita kuchigayo ankachita kuima kundiyang'ana.

Pakati poyamba ndinapita padera pa miyezi isanu ndi umodzi, ndiye apongozi anga anabwera kuchokera ku Nsanje kuti uyu yekha asatipulumuke. Mankhwala awo a kuzizidwa anali tiyi wa masupuni anayi a shuga, katatu pa tsiku, kuonjezapo thobwa ndi nzimbe zosendasenda.

"Imwani mwananga, mwana angazizidwe m'katimo," ankatero.

Ndinanenepa, nkhope n'kufufuma. Ndinkagona tulo ndikusadzula nkhwani. Iwo ankandionetsa kwa alendo ngati dzungu lolima okha.

Tsiku lina kusikelo anzanga onse ankadzikupiza ndi mabuku a chipatala. Anamwino anasuzumira pamzere n'kuitana, "Mayi a juzi, lowani inu!" Malungo sanawapeze, koma shuga m'magazi anali atakwera. Anandigwiragwira pakhosi n'kundilembera kalata ya ku Blantyre.

Kumeneko, komwe apongozi anandiperekeza, adokotala anati kachiwalo ka pakhosi kotchedwa chithokomiro kanali kakugwira ntchito mwaulesi, n'chifukwa chake ndinkazizidwa ndi kuodzera. Anati amayi a vuto limeneli kawirikawiri shuga amawakwera akakhala oyembekezera, ndipo ziwirizi zikalekereredwa mwana amakhala pangozi.

"Nkhabe!" anakuwa apongozi, kukana m'Chisena chawo. "Ndiye kuti tiyi wanga uja?"

Adokotala anawauza kuti tiyi si amene anabweretsa matenda, koma alekeke. M'minibasi, tikutsika phiri pobwerera kwathu, apongozi anatembenukira kuwindo. Ndinawaona akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, ndipo nanenso mantha anandigwira.

Kufika kunyumba anasanduka wapolisi. Shuga anamutsekera m'sutikesi, kiyi n'kumangirira m'khosi. Amuna anga, amene amagwira ntchito kuminda ya nzimbe, anayamba kumwa tiyi wowawa m'nyumba yawoyawo. Atadandaula anayankhidwa kuti, "Mimbayi munapereka ndinu, limbani." Wogulitsa mandasi ankadutsa pakwathu mwakachetechete, beseni atabisa kumbali. Mbandakucha uliwonse apongozi ankaima pakhomo ndi kapiritsi ka chithokomiro ndi madzi, ndisanalawe kanthu, n'kufunsa funso lomwelomwelo: "Kukuzizirabe?"

Ndinkayankha kuti eya, iwo n'kuchoka nkhope ili yakugwa.

Masana ena mu Disembala ndinali pamkeka ndikusankha nyemba. Ndinangomva kumsana kukuyenderera madzi. Ndinavula juzi ija n'kuiponya uko.

"Koma kuno kumatentha bwanji, anthuni!"

Apongozi anataya mtsuko n'kuyamba kululutira. Anthu oyandikana nafe anathamangira kwathu, ena atanyamula zitenje, poganiza kuti mwana wabadwa. Anangopeza mayi wamimba ali thukuta kamukamu, apongozi akuvina momuzungulira.

Mwanayo anabadwa mu Febuluwale kuchipatala cha paboma, wamkazi, ndipo analira mokweza mpaka anamwino anaseka. Apongozi anali atabwera ndi sutikesi ija. Anamasula kiyi m'khosi, ine n'kumati lero ndimwa tiyi weniweni. Pansi pa paketi ya shuga anatulutsa shawelo yoyera, ikadali m'pepala lake. Anaigula zaka zitatu zapitazo, akudikira woyamba uja.