Jekete la Khwangwala

Ndiulule lero, poti amene ndinamunamizayo anagona kale kumanda a ku Chezi, sangandikokenso khutu.

Zaka zija tinkayenda ndi khadi la chipani m'thumba, ine ndinkapalasa njinga kukagulitsa mtedza ku Mponela, n'kumabwerera mdima utagwa. Nyali ya dainamo ndinkaizimitsa pachitunda chifukwa inkalemeretsa njinga. Mkazi wanga Nabanda, poopa malole a fodya, anasokerera chigamba choyera chachikulu kumsana kwa jekete langa.

"Muzivala, bambo a Yosefe, madalaivala azikuonani," anatero.

Anzanga pamsika atachiona anagwa nacho chiseko. "Taonani, khwangwala waphunzira njinga." Kuyambira tsikulo, ndikangokhota pachulu cha kuseri kwa nyumba, ndinkatembenuza jekete, choyeracho n'kulowa mkati.

Usiku wina lole inatulukira kumbuyo osandiona, ine n'kudziponya m'ngalande. Dzino lakutsogolo linatsala komweko. Ndisanafike kwathu ndinatembenuzanso jekete, chigambacho n'kuchipaka matope kuti umboni ugwirizane.

"Ndi mbuzi, inandidutsa kutsogolo," ndinatero.

Nabanda anandipatsa madzi a mchere otsukira m'kamwa, n'kuti, "Bola mbuzi. Malole ndiye akukuonani, chigamba changa chikugwira ntchito." Ine ndinangogwedeza mutu, pakamwa pali potupa.

Zaka zonse ankadzitama nacho kwa amayi anzake kutchalitchi, mpaka anawasokera zigamba amuna a eni ake atatu. Sindinamuuze.

Masiku ano jeketelo ndimalivala choyera chili kunja, ngakhale masana dzuwa likuswa mtengo. Palibe wonditcha khwangwala, ondisekawo anatha onse. Ndikafika pakhomo ndimatsamiritsa njinga pakhonde, n'kudikira pang'ono, koma palibe wondifunsa ngati malole andiona.