Mwezi Umene Sikelo Sinapachikidwe

A Benedicta anali mlangizi wa zaumoyo ku Kapondo, mayi wa pakamwa polasa koma wamtima wabwino. Mwezi uliwonse ankapalasa njinga kupita ku esiteti ina ya fodya, n'kupachika sikelo ya ana pa nthambi ya mango. Akazi a matenanti ankawaopa, chifukwa mwana akapepuka, mayi ake ankazimva. Sikeloyo payokha sankaikhulupirira. Iwo ankadina phazi la mwana ndi chala, ndipo pakatsala kadzenje, basi, kuchipatala lero lomwe.

Chaka cha njala ya 2002, ku parishi ya Guilleme kunkafunika anthu ophikira phala ana amasiye. A Benedicta anadzipereka, abwana awo n'kuwapatsa tchuthi cha mwezi, malipiro osadula. Ananyadira, ndipo ntchito anaigwiradi, mpaka manja kuchita matuza ndi mthiko. Ku sikelo anati kuzipita mnzawo wina, a Enoki. Kaya njinga inawonongeka, kaya ulesi chabe, a Enokiwo sanapondeko.

Ku esiteti kuja kunali Stelia, mkazi wa tenanti wochokera ku Mulanje, ndi mwana wake Timoteyo, wongoyamba kumene kuyenda. Mwanayo anayamba kutupa mapazi, kenako masaya. Azimayi anzake anati limeneli ndi tsempho, bambo ake ayenda ndi mkazi wina. Stelia anakhulupirira. Analimbana ndi mwamuna wake kuti aulule, uku akumwetsa mwana mizu, masiku n'kumapita. Tsiku la sikelo anakakhala pansi pa mango paja mpaka dzuwa kupendeka, osaona munthu.

A Benedicta atabwerako anakapachika sikelo monga kale. Stelia anafika kumsana kuli pululu.

“Mwana mwamusiyira ndani? Kodi inu mumamva?” anakalipa a Benedicta.

“Tinaika sabata yatha, adokotala. Anatupa. Ndinabwera pano, ndinakudikirani.”

Stelia sananene mokwiya ayi, ndipo n'zimene zinawapweteka kwambiri. Kutupako inali njala basi, chala chimodzi chikanaona.

Ku ofesi anawayamikira chifukwa cha ana amasiye aja. Malipiro analandira onse, za Timoteyo palibe anafunsa. Ntchito anagwirabe mpaka kupuma, koma tchuthi chotere sanapemphenso, ndipo kukalipa kuja kunatha. Azimayi a ku sikelo ankangodabwa kuti mwana aliyense, ngakhale wojintcha wosewera bwinobwino, a Benedicta ankamudina phazi kawiri asanamubweze kwa mayi ake.