Ndemanga yopanda dzina pa nkhani ya achemwali

Blogu ndinayiyamba pa foni nditangomaliza Fomu 4 ku Wovwe. Ndinkalemba m'Chichewa, poganiza kuti ondiwerenga ndi anthu akutali, a ku Lilongwe ndi ku Zomba, osati akwathu. Ndinkalemba za mpunga ndi mbalame zimene timapirikitsa m'munda. Malo a ndemanga ndinawasiya otsegula, ngakhale kwa osafuna kudzitchula. Kwathu mlendo sitimufunsa dzina asanakhale pansi. Aliyense ndinkamuyankha kuti zikomo, ngakhale wondiseka Chichewa changa.

Tsiku lina ndinalemba za achemwali anga, amene anandilera. Ndinkafuna kuwatamanda. Dzina lawo sindinalitchule, matenda sindinawatchule. Ndinangolemba kuti Lachiwiri loyamba la mwezi amasiya khasu, n'kupalasa njinga kupita kuchipatala, ndipo pobwera amayambanso ntchito osadandaula. Ndinkaona ngati ndabisa zonse. Sindinaganize kuti kwathu aliyense amadziwa mankhwala amene amaperekedwa tsiku limenelo.

Patapita masiku atatu kunabwera ndemanga yopanda dzina, ya m'Chitumbuka. Inatchula munda wawo, wachitatu kuchokera pa ngalande yaikulu, n'kunena kuti tsopano chimene chinapha amuna awo chadziwika. Ndinayiwerenga ndili pamzere kuchigayo. Chala changa chinali chitayamba kale kulemba zikomo.

Ndinafufuta ndemangayo, kenako nkhani yonse. Koma wina anali atayijambula kale n'kuyitumiza pa gulu la pafoni la alimi a musikimu yathu ya mpunga.

Achemwali sanandikalipire. Anandipeza ndikutsuka makasu pangalande.

"Iwe, walemba ndemanga ija ndani?"

"Sindikudziwa, achemwali. Sanaike dzina."

"Ndiye kuti iyeyo ndi amene wabisika, osati ine," anatero, n'kubwerera kumunda.

Lachiwiri la mwezi wotsatira sanapite kuchipatala. Mwezi winawo sanapitenso. Ndinkaona akuonda, ndipo ndinkaopa kulankhula, chifukwa mawu anga ndi amene anabweretsa zonsezi. Potsiriza ndinagwada pakhomo pawo n'kuwapempha kuti asamukire kuchipatala china, kumene sakuwadziwa. Anavomera ndi mutu.

Malo a ndemanga ndinawatseka sabata yomweyo. Amene analemba sindinamudziwe mpaka lero. Mwina timapatsana moni m'mawa uliwonse.

Tsopano timapita limodzi kuchipatala chinacho pa minibasi, ulendo wautali. Iwo amakhala cha kuwindo, khadi lawo la kuchipatala atalimanga pansonga ya chitenje.